Woyamba Kukhala Pampando

Tsitsi ndinaliweta dala. Miyezi ingapo osameta. Anzanga kuntchito ankati mutu wanga wasanduka chisa cha mbalame. Ndinkangowauza kuti wondimeta alipo. Mng'ono wanga akutsegula malo ake ometera, ndipo woyamba kukhala pampando wake ndikhala ine.

Kwathu amanditcha Chikwama. Dzinali linayamba ngati nthabwala, kenako linamera mizu. Ndakhala m'mizinda yambiri, paliponse pang'ono pang'ono. Ndinagwira ntchito kophikira buledi, kunapsa. Ndinalowa pahotela, anaitseka. Ndinapita kukampani ya mabasi, mwini wake anamwalira, ana n'kugawana mabasiwo. Moto sindinayatse ine. Munthu sindinaphe. Koma nkhani zikamafika kwathu zimafika zodulidwa: Chikwama anali pomwepo.

Mashini ometera ndinagula ine, kunja komwe ndimagwira ntchito. Mng'ono wanga zaka zonse ankameta m'shopu ya eni, ndi mashini a eni. Ndinamuuza pafoni kuti asagule ena. Ndibwera nawo.

Basi inafika m'mawa wa tsiku lotsegulira. Sindinasambe, sindinadye. Ndinangolunjika komweko.

Shopuyo inali pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo okonzera mafoni. Kachipinda kamodzi. Penti yobiriwira, ikununkhabe. Galasi lalikulu kukhoma, mpando wakuda wozungulira, benchi ya odikira. Pashelefu chipeso, malezala, botolo la sipiliti. Mng'ono wanga atavala malaya oyera ngati dokotala.

Amayi anali ataima pakhomo. Ndinayesa akundilandira.

"Wafika, Chikwama. Nanga mutuwo? Umagona m'tchire?"

"Ndasungira mwana wanu ntchito, amayi."

Anaseka. Analandira bokosi la mashini, n'kulipereka kumbuyo osatembenuka. Pakhomo sanasunthe.

Mng'ono wanga anang'amba bokosilo ngati mwana. Mashiniwo anawayeza m'dzanja, anawanunkhiza.

"Achimwene, awa ndiye mashini. Si zidole zomwe ndinkazunzika nazo zija."

"Tiwayese pamutu panga," ndinatero, n'kuponya phazi.

Amayi anandigwira pachifuwa. Mofatsa, ndi zala zokha.

"Yamba wadikira panja. Alowe kaye kasitomala woyamba."

"Kasitomala woyamba ndine."

"Wachibale sawerengedwa."

"Kuyambira liti?"

"Usandilankhulitse zambiri pamsewu." Anatsitsa mawu. "Woyamba pampando ndi amene amatsegula njira. Akakhala wamwayi, shopu imayenda. Si iwe ayi, mwana wanga. Ndi mapazi akowa. Pomwe aponda sipachedwa kutsekedwa."

Ndinayang'ana mng'ono wanga. Iye ankayang'ana mashini.

"Nawenso ukutero?"

"Ine zimenezo sindizikhulupirira, achimwene. Koma amayi mukuwadziwa."

"Shopu ndi yako. Ukati ndilowe, ndilowa."

Anauzira fumbi pamashini. Mashini atsopano, opanda fumbi.

"Sipatenga nthawi," anatero. "Msewu uno ndi wa anthu ambiri."

Ndinaika chikwama pansi. Ndinatsamira khoma.

Anthu analipodi. Ankadutsa, kusuzumira, n'kupitirira. Dzuwa linakwera. Thukuta linayamba kuyenda m'tsitsi ngati nyerere. Mng'ono wanga anapukuta galasi, anasesa pansi poyera kale, anapukutanso galasi. Amayi anandibweretsera madzi m'kapu. Anandipatsira panja.

Wokonza mafoni wa pafupiyo anatulutsa mutu pawindo lake.

"Bwana, mwabwera kudzameta kapena kudzaopseza ana?"

"Ndikudikira nthawi yanga."

"Vuto ndi lakuti anthu akuyesa mwangotuluka kumene. Akuti ngati kameteredwe kake ndi kameneka, bola tipite kwina."

Anaseka yekha mpaka kutsokomola. Amayi sanaseke. Anamva, anaganiza.

"Chikwama, tasunthira uko pang'ono. Cha kusitolo ya mankhwalako. Kuli mthunzi."

Mthunzi kunalibe. Ndinasuntha.

Ndikufunafuna mpango m'thumba la malaya, zala zanga zinakhudza kanthu kolimba. Adaputala. Mashini aja pulagi yake ndi ya mano awiri ozungulira, monga amapangira komwe ndinawagula. Masoketi akuno ndi a mabowo atatu. Popanda kanthu kameneka mashiniwo ndi chitsulo chabe. Ndinakagula padera, n'kuiwala kukaika m'bokosi.

Ndikanatha kunena pomwepo. Sindinanene. Ndinaganiza kuti khomo lomwe landikana ine litsegukira kanthu kameneka, ndipo ndilowa nako.

Cha kumasana takisi inaima. Anatsika dalaivala wonenepa, wa dazi lowala. Anabwera kudzasiya foni kwa wokonza uja. Amayi anamutchingira njira ndi ulemu wonse.

"Bambo, pamene foni ikukonzedwa, bwanji osakhala pansi? Tatsegula lero. Mukhala oyamba."

Bamboyo anasisita mutu wake.

"Mayi, mukufuna mundimete chiyani? Khungu?"

"Ndevuzo."

"Chabwino. Ndevu zokha, ndipo mwachangu. Ndaima polakwika."

Analowa. Sanapukute n'komwe nsapato. Anadziponya pampando, mpandowo n'kulira. Mng'ono wanga anamuveka nsalu m'khosi ngati akuveka mfumu. Munthu wopanda tsitsi. Ine ndili panja ndi nkhalango yonse.

Ndinasendera pawindo. Mng'ono wanga anatambasula chingwe, anawerama pasoketi. Pulagi inakana. Anaitembenuza. Inakana. Anayesa soketi ina kuseri kwa benchi. Anagwada. Malaya oyera aja anayamba kunyowa kumsana.

"Pali vuto, mphwanga?" anafunsa dalaivala.

"Ayi, bwana. Kanthawi kochepa."

Amayi sanayang'ane pulagi. Anayang'ana ine, kudzera pagalasi la windo. Nkhope inanena zonse: wangoima panja, koma taona.

Dalaivala anayamba kumasula nsalu m'khosi.

Ndinafika pakhomo. Ndinatulutsa adaputala ija, ndinaikweza kuti onse aione.

"Ikufunika iyi. Ndilowe ndiike."

"Bweretsa," anatero amayi, atatambasula dzanja.

"Ndiika ndekha."

"Bamboyu sanametedwe. Bweretsa."

Mng'ono wanga anali chigwadire, chingwe m'manja. Anandiyang'ana m'maso koyamba tsiku limenelo. Ndinadikira mawu amodzi okha. Lowani.

"Achimwene, chonde," anatero. "Apatseni."

Ndinapereka. Mwana ameneyu ndinkamubereka kumsana popita naye kusukulu mvula ikagwa. Ndikanatani?

Amayi anailandira ndi nsonga za zala. Anaipukuta padiresi lawo, mbali iyi, mbali inayo. Kenako anaipereka.

Mashini analira bwino. Kamawu kosalala, kosadukiza. Dalaivala anatseka maso. Atatha anadziyang'ana pagalasi, anati mkazi wake samuzindikira, anatuluka akuimba mluzu. Pakhomo anandiona.

"Akulu, lowani msanga. Inu ndiye odwala kwambiri."

Asanadzutse n'komwe galimoto, kunalowa mlonda wa kusitolo ya mankhwala. Pambuyo pake ophunzira awiri. Kenako bambo wina wa tayi. Benchi inadzaza.

"Mwaona?" amayi anauza wokonza mafoni. "Bambo aja ndi amwayi. Ndinangowaona potsika pomwe."

Anatembenukira kwa ine, nkhope ikuwala. Anachoka pakhomo.

"Lowa tsopano, Chikwama. Waimiranji padzuwa ngati mlendo?"

"Mupeze pokhala, achimwene," mng'ono wanga anakuwa, maso ali pamutu wa mlonda. "Akatha awa, ndi awa, ndi awo, ndiye inu."

Ndinayang'ana benchi. Malo analibe. Ndinanyamula chikwama.

"Ukupita kuti?"

"Ndikadye, amayi."

"Usachedwe. Ungataye malo pamzere."

Kokwerera mabasi kuli kashopu kamalata, kagalasi kake kong'aluka. Wometa wake anali akusinza pampando. Anadzuka, anakuntha mpandowo ndi thawulo lakuda.

"Timete bwanji?"

"Lonse."

Mashini ake ankazula m'malo mometa. Misozi inkatuluka yokha. Tsitsi linkagwera pamiyendo panga, pansapato, pachikwama.

"Mwandithandiza," anatero. "Chikhalireni m'mawa, ndinu oyamba."

"Ndiye musamale."

Anaseka, osamvetsa. Anandipendeketsa mutu ndi chala.

"Ndinu akuno?"

Panja kondakitala ankaitana anthu. Sindinamve bwino komwe basiyo inkapita.

"Ayi," ndinatero. "Ndikungodutsa. Fulumirani, ingandisiye."