Mapazi a Ahedi Pakhonde

Sekondale yathu ndi yakalekale, yamatabwa pansi, ndipo ili pamtunda moyang'ana doko. Kaya omangawo ankaganiza chiyani, mazenera onse analoza kunyanja. Ndiye mwana umuphunzitse bwanji akuona kireni ikulendewetsa kontena, bambo ake ali pansi pake?

Tsiku limenelo ndinali pabolodi mu Fomu 3 pamene sairini ya kudoko inalira. Osati ya nkhomaliro ija ayi, koma yaitali, ya ngozi. Makireni onse anaima.

"Maso kuno!" ndinakalipa. "Kudoko kulibe mayeso."

Pakamwa pokha. Mtima unali utathawira kale kumeneko, poti mwana wanga woyamba amamangirira makontena kudoko komweko. Anaphunzira m'kalasi yomweyi, mpaka anazokota dzina lake padesiki yakumbuyo, wamakani ngati malemu bambo ake.

Pasukulu pano pali mwambo wakale. Munthu akafa kudoko, mwana wake saimbiridwa foni, mlonda satumidwanso. Ahedi amayenda okha pakhonde, n'kukaima pakhomo la kalasi, n'kumuitana mwanayo. N'chifukwa chake ana athu amadziwa mayendedwe a ahedi kuposa samu.

Posakhalitsa matabwa anayamba kulira, gwa, gwa, kuchokera kuofesi. Ahedi anadutsa Fomu 1. Ngakhale Wailesi, mnyamata wolongolola uja amene pakamwa pake sipatera ntchentche, anangoti kukamwa yasa.

"Madamu, ndipite kuchimbudzi?" ananong'ona mtsikana wakutsogolo, mwana wa woyendetsa kireni.

"Khala pansi, mwanawe. Ukathawira kuti?"

Anadutsa Fomu 2. Ndinayang'ana nkhope za ana aja: uyu bambo ake amanyamula matumba, uyu achimwene ake amakoka zingwe za sitima. Ndinachita mantha. Chamumtima ndinkangoti apitirire, Ambuye, apitirire, ngati kuti ku Fomu 4 kulibe ana a anthu.

Mapazi anaima. Chitseko chinatseguka.

Mtsikana uja anatseka makutu. Ndinamugwira paphewa, poti ndi ntchito ya mphunzitsi kuperekeza mwana mpaka pakhomo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ahedi amabwerera ana asukulu basi, wanga uja anamaliza kalekale, ndevu pepeya.

"Mukufuna ndani, ahedi?" ndinafunsa.

Sanayang'ane mwana aliyense. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso. Maso awo anapita padesiki yakumbuyo ija, kenako anabwera pa ine.

"Ana inu, muziwerenga mwakachetechete," anatero. "Mayi, tasiyani chokocho, tiyeni panja."

Zaka zonse ndagwira nawo ntchito ankanditchula kuti madamu, sananditchulepo kuti mayi. Choko chinakana kuchoka m'manja mwanga, ndinatuluka nacho. Ndili pakhomo ndinamva kalasi yonse kumbuyo kwanga ikuusa moyo, mitima itakhala pansi, aliyense bambo ake ali moyo.