Ntchentche za m'Diso mwa a Telala

"Ndinu auve, apongozi! Nyumba yadzaza ntchentche, inu mwangokhala!"

Anakuwa choncho a telala, uku akukupiza kansalu m'mwamba. Mkazi wa mwana wawo, yemwe anthu amamutcha Kamoto chifukwa sachedwa kuyaka, anaponya chokolopera pansi. Chipinda chosokeramocho anali atachikolopa kawiri, mpaka kunsi kwa makina.

"Bambo, ulemu ndikupatsani, koma bodza lokha ayi. Ntchentcheyo ili pati?"

"Iyo pakhomapo! Yatera pa diresi. Aa, ili pamphumi panu!"

Kamoto anayang'ana paliponse, koma ntchentche sanaione. Ntchentche yanji yotsata kumene diso lapita? Anathamangira kwa anamwino oyandikana nawo nyumba, n'kubwera nawo.

"Phimbani diso lamanzere," anatero anamwinowo. "Mukundiona?"

A telala anaphimba. Kansalu kaja kanagwa m'manja.

"Mayo ine! Mapewa ndikuwaona, koma nkhope yanu kulibe!"

"Paja mumadwala shuga. Mankhwala mukumwa?" anafunsa anamwino.

"Ndinasiya kale. Ndimwerenji palibe pondipweteka? Maso atayamba chifunga ndinangogula magalasi pamsika."

"Ndiye munangokhala chete, n'kumanditukwana ine?" anatero Kamoto.

"Shuga akakwera amawononga timitsempha tamagazi ta mkati mwa diso," anafotokoza anamwino. "Tikayamba kuchucha, munthu amaona timadontho takuda tikuyandama. Ntchentche zanu ndi zimenezo. Diso silipweteka, koma mukazengereza mudzachita khungu. Magalasi apamsika sangatseke mtsempha."

A telala anayang'ana singano, kenako milu ya nsalu za eni ake.

M'mawa kutacha Kamoto anawaperekeza kuchipatala. Adokotala anawadonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso, n'kuunika mkati. Diso lamanja linali litawonongeka ndithu, ndipo lamanzere linali litayambanso. Anawapatsa tsiku lodzatseka timitsempha tochuchato ndi kuwala kwa makina.

"Chinatayika sichibwerera chonse," anatero adokotala, "koma chotsalacho titha kuchiteteza. Imwani mankhwala tsiku lililonse. Muziyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Zotsekemera chepetsani, muziyendako. Mukaona timadontho tatsopano kapena chifunga, bwerani msanga, osadontheza za pamsika."

Kunyumba Kamoto anasanduka wapolisi. Botolo la mapiritsi analiika pamakina penipeni, pafupi ndi lumo. Tiyi wa masupuni anayi a shuga yemwe a telala ankamwa anatha.

Patapita miyezi ingapo, makina anali akuliranso. Tsiku lina a telala analowetsa ulusi pasingano okha, n'kuitana Kamoto.

"Apongozi, ndinakulakwirani. Uve unali m'diso mwangamu."

Mnzawo wosoka nsapato, yemwe anabwera kudzacheza, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Munthu wamkulu kumenyana ndi ntchentche zakumaloto!"

Kamoto anatembenuka, manja m'chiuno.

"Sekani, koma mumve. Aliyense wodwala shuga ayenera kupimitsa maso kamodzi pachaka, ngakhale akuona bwino. Matendawa sagogoda pakhomo. Bambowa akanadikira ululu, bwenzi lero tikuwatsogolera ndi ndodo."

Wosoka nsapato anayamba kupukuta magalasi ake ndi malaya.

Kamoto anamulozera chala. "Inuyo si paja muli ndi shuga? Magalasiwo munagula kuti? Nanga maso munapimitsa liti? Musayang'ane kudenga, kulibe ntchentche. Ndiyankheni!"