Dzanja la a Howard

Ku Bangwe kuno aliyense amati a Howard, oyandikana nane nyumba, ali ndi dzanja la nkhuku. Ine zimandiwawa. Khola lawo ndi la matumba ong'ambika, pomwe langa ndinakhoma ndi malata atsopano, ndipo madeya ndimachita kusakaniza ndi usipa.

Thadzi langa lofiira linasowa. Ndinafufuza kuseri kwa bafa ndi m'ngalande, mpaka ndinangoti agalu adya.

Loweruka lina ndikutsuka njinga, ndinaliona likutuluka pampanda wa a Howard, anapiye ali ndondondo pambuyo, atawapaka kale mankhwala a jivi kuti akhungubwe asawatole.

"Linadzasankha lokha dengu lathu, achimwene," anatero a Howard. "Malata anuwo amatentha. Tengani, ndi zanu."

Ndinatenga. Madzulo ake thadzilo linadutsanso pampanda ndi ana ake, kukagona m'matumba muja. M'mawa uliwonse limabwera kudzadya madeya anga, likakhuta n'kubwerera.

Dzulo mayi wina wodutsa anaima pakhomo panga penipeni, n'kuloza anapiyewo akudya.

"Koma a Howard nkhuku amazitha," anatero. "Bwanji osakawafunsa nzeru, bambo?"