Zala za Mayi Filomena

"Ndege ndi ya Lachinayi madzulo, ndakonza kale zonse," anatero Duarte, uku akutafuna soseji ya pamaliro a bambo ake ngati ali paphwando.

Graça, mlongo wake wamkulu, anali pasinki m'khitchini yapansi, manja ali m'thovu. Anatembenuka madzi akuchucha m'zigongono.

"Lachinayi liti? Kalata ikuti Amayi akadinde zala Lachisanu. Sunaione? Ili pafiriji pomwe watengapo sosejiyo."

Bambo awo, a Aníbal Raposo, anali atagwa pakhonde Loweruka ndipo sanadzukenso. Ankanena kuyambira kale kuti adzaikidwe kwawo, pachilumba cha São Miguel, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo akazi awo, mayi Filomena, anali oti aperekeze bokosi n'kukakhala kumeneko zaka ziwiri. Vuto linali khadi lowalola kukhala m'dziko lachilendoli. Zaka makumi anayi ali m'tauni ya Fall River, awiriwa sanatenge unzika, chifukwa chaka chilichonse bambowo ankati, "Chaka chamawa tikubwerera kwathu." Tsono munthu wa khadi akakhala kunja kupitirira chaka wopanda chilolezo chobwererera, khadilo limafa. Chilolezocho a Aníbal anali atapempha kale cha onse awiri, koma sichituluka munthu asanadinde zala, ndipo zalazo amadinda ali konkuno. Mayiwo akakwera ndege asanadinde, zidzukulu zawo azidzazionera pafoni. Akadikira Lachisanu, amuna awo akaikidwa iwo kulibe.

"Musinthe tsikulo basi, achemwali. Si zapakompyuta zimenezi?"

"Ndayesa m'mawa. Malo akupezeka pakatha milungu isanu. Bambo azidikira m'bokosi milungu isanu?"

"Ndili ndi mnzanga amene amadziwana ndi loya."

"Iwe uli ndi mnzako paliponse. Kumanda kokha ndiko ulibe."

Ntchito ya Duarte inali yogulitsa nyumba, ndipo nkhope yake inali pa mabenchi atatu odikirirapo basi m'tauniyo, ikuseka ndi mano onse. Anapukuta mafuta pamlomo n'kutsitsa mawu.

"Komanso tinene zoona. Amayi atapanda kubwerera, cholakwika n'chiyani? Kwawo kuja kuli dzuwa, kuli abale. Masitepe akunowa pa msinkhu wawo..."

"Ndinakuona dzulo ukuyeza zipinda zawo ndi maso. Malizitsa sosejiyo uzipita."

Graça anatsonya n'kubwerera kumbale. Mkwiyo wake sunali pa Duarte yekha. Pakona, pafupi ndi chitofu, mayi ake anali chikhalire atavala magolovesi akuda ansalu, manja ali pamiyendo ngati mlendo. Chiyambire Loweruka sanakhudze kapu ngakhale imodzi. Azimayi a kutchalitchi amene anabwera ndi supu ndi buledi wotsekemera anaziona zimenezi, ndipo anali atazinyamula kale kupita nazo m'makomo mwawo.

"Amayi, simungandithandizeko ngakhale kutsukuluza kokha?"

"Bambo ako anandiletsa."

Graça analuma mlomo. Ndiye kuti munthu uja ankalamulabe ali kumochale! Iye sankawalira bambo ake, ndipo sankadzinamiza kuti akuwalira. Anali munthu wouma ngati nsomba yamchere, wosadziwa kunena zikomo, woti zaka zonsezi ankaitanitsa madzi akumwa ali chikhalire pafupi ndi mpopi. Ndiye milungu itatu yomalizayi anadzidzimuka n'kulanda sinki. Graça anawapeza tsiku lina akuswa mbale, akukalipa, "Choka apa, mkazi iwe! Ndati usakhudze!" Anaganiza kuti ukalamba wawapatsa nkhanza yatsopano, yolanda mayi ake kamalo kokhako komwe ankalamula.

Lachitatu m'mawa Graça anawakweza mayi ake m'galimoto n'kupita nawo ku ofesi yodindira zala, kukapempha basi. Duarte anali atalonjeza kuti abwera. Anatumiza uthenga woti wagwidwa ndi ntchito, pamodzi ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Mlonda wapakhomo anawerenga kalata n'kuibweza osayang'ana nkhope. "Iyi ndi ya Lachisanu. Lero ndi Lachitatu."

"Masiku ndimawadziwa, bambo," anatero Graça. Anatulutsa chikalata cha imfa ndi tikiti ya ndege, n'kuziyala patebulo pake. Mlondayo anapuma mokweza ngati amusenzetsa thumba la simenti, kenaka anakaitana mkulu wa pamalopo, mayi wamagalasi.

"Mudikire mpaka athe onse a lero," anatero mkuluyo. "Koma ndinene poyera. Makina akakana zala zawo, mudzalandira kalata ya tsiku lina. Pamenepo ine ndilibe chochita."

Anakhala pamipando yapulasitiki. Graça anafunsa chamumtima kuti makina angakane bwanji zala za munthu, poti aliyense ali nazo. Kenaka funsolo analifunsa mokweza.

"Zanga anakana," anatero mayi ake, akuyang'ana kukhoma. "Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, posintha khadi. Maulendo awiri. Zaka makumi atatu ndikucheka nsomba m'madzi amchere ku fakitale, ukaweruka ndiye mbale ndi sopo, mizere yonse inafufutika. Kamtsikana kodindako kanaitana anzake kuti adzaone mayi wopanda zidindo. Ndinalira m'basi njira yonse."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unali ndi ana aang'ono. Anandiperekeza bambo ako."

 Graça anayang'ana magolovesi aja ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha enieni. M'maganizo anaona bokosi likulowa m'ndege popanda mayi ake, Duarte ali pambali pake akuyankha foni.

Anawaitana nthawi itapitirira thwelofu. Wodinda anali bambo wadazi wooneka kuti akuganizira za chakudya chake chamasana. "Vulani zimenezo, mayi."

Mayi Filomena anavula magolovesi chala chimodzichimodzi. Graça anadabwa. Manja amene ankawadziwa anali okhakhala, ong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo, okanda akakusisita patsaya. Awa anali ofewa, onyezimira pang'ono. Bamboyo anagwira chala chachikulu n'kuchigubuduza pagalasi. Kuwala kobiriwira. Chachiwiri, kobiriwira. Anapitiriza choncho mpaka kachala kakang'ono kakumanzere, pomwe makina analira n'kuyatsa kofiira. Graça anagwira mpando. Wodindayo anapukuta galasi, nagubuduzanso kachalako pang'onopang'ono, ndipo kobiriwira kanayaka.

"Mwatha. Yang'anani apa tikujambuleni."

Bamboyo atadinda kalata yawo, mayi Filomena anatsegula chikwama n'kutulutsa ina yofanana nayo, yolembedwa dzina la amuna awo. Anaiika patebulo mwaulemu.

"Awa sabwera," anatero.

Wadaziyo anawerenga dzinalo, anayang'ana zovala zawo zakuda, ndipo anailandira ndi manja awiri.

Ali m'galimoto, foni inalira. Anali Duarte. "Zatheka? Mwaona, achemwali! Si ndinanena ine kuti musadandaule?" Graça anadula foniyo osayankha, n'kuiponya kumpando wakumbuyo.

Mayi ake anali atatulutsa kachitini m'chikwama, ka mafuta amene alimi amapaka mawere a ng'ombe akang'aluka.

"Tsiku limene kalata zinafika, anapita kusitolo ya alimi kukagula ichi," anatero. "Anati, 'Chaka chino palibe amene akusekenso.' Sopo anabisa. Mbale zanga zabwino zija anaswa zinayi, chitsiru. Tikadya, ankandikhazika pampando n'kumandipaka chala chimodzichimodzi, akunditukwana kuti ndikugwedera. Ndiye ine ndikanatsuka makapu a azimayi aja, ntchito yake yonseyi ipite m'madzi?"

Graça anafuna kunena kuti milungu itatu siyingalipire zaka makumi anayi. Mawuwo anali okonzeka kale pakamwa, akuthwa bwino, ndipo ankadziwa kuti ndi oona. Koma mayi ake anali atatsegula chitinicho. Mafuta anali atatsala pang'ono, ndipo pakati pake panali dzenje la chala chachikulu cha bambo ake, pomwe anatapa komaliza usiku woti mawa lake amwalira, mizere yake yonse ikuoneka bwinobwino.

Mayi Filomena anayang'ana kanthawi. Sanatapemo. Anatseka chivundikiro mosamala kuti chisakhudze mafutawo, n'kuchigwira chitinicho chowongoka pamiyendo pawo.

"Yendetsa pang'onopang'ono," anatero. "Msewu uwu uli ndi maenje."