Thabwa la Kuseri kwa Chitseko

"Ikani bulashiyo pansi."

Dorcas sanatembenuke. Anali atagwada m'bafa, duku lakuda kumutu, akupaka penti wobiriwira pa thabwa lachitatu kuchokera pakhomo. Matabwawo anali aja osalala, okhala ndi mizere kuti azioneka ngati matailosi. Mwamuna wake, malemu a Rabson Banda, anawakhoma kalekale, mkazi wawo woyamba akali moyo.

"Ndati ikani pansi!" anakuwa Dinah, mwana wachisamba wa a Rabson ndi mkazi woyambayo, amene anabwera kuchokera ku Lusaka kudzalira maliro. "Atate tawaika m'manda Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu. Anthu akali kubwera kudzapepesa, inu muli pa ntchito yokongoletsa nyumba?"

"Chitini chinatsegulidwa kale," anayankha Dorcas motsitsa mawu. "Penti akakhalitsa amauma pamwamba."

Phokosolo linaitana a Jairos, mng'ono wa malemu, amene anali pakhonde ndi alendo a ku Mkaika. Anasuzumira, nagwira mphuno chifukwa cha fungo.

"Alamu, manyazi mulibe? Akulu anga anagwera m'bafa muno. Munalipo awiriwiri, panalibe wina woona. Lero mukufuta makoma. Mukubisa chiyani?"

"Palibe chimene ndikubisa."

"Kapena mwapeza kale wogula nyumba? Dziwani kuti Lamulungu banja likhala pansi. Inu mwakhala muno zaka zisanu ndi chimodzi zokha, mwana simunabereke. Makiyi mudzapereka."

Dorcas anaviika bulashi m'chitini, naipukutira m'mphepete, n'kupitiriza kupaka kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kudekha kwakeko n'kumene kunamupsetsa mtima Dinah. Analumpha nyuzipepala zoyalidwa pansi, namulanda bulashiyo mwamphamvu. Penti anadonthera pa chitenje chake ndi pamapazi.

"Matabwa awa anasankha ndi amayi anga! Mwachotsa zithunzi zawo pabalaza, mwasintha makatani, tsopano mwafika muno..."

Mawu anamuthera pakati. Chogwirira cha bulashiyo chinali chachilendo m'dzanja. Chinali chonenepa, chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mphira wina anapindidwa ngati chibangili choti mulowe dzanja.

"Ichi n'chiyani?"

"Anamanga ndi atate anu. Kuti isamagwe."

"Igwe chifukwa chiyani?"

Dorcas anakhala pansi, natsamira khoma losapakidwa. "Chiyambire Isitala, dzanja lawo lamanja silinkagwira. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, ndipo ina ikhoza kubwera. Yabweradi."

"Bodza!" anatero a Jairos. "Ine ndinkawaona kutchalitchi sabata iliyonse."

"Munkawaona dzanja lili m'thumba la jekete. Munawapatsa moni wa m'manja liti, alamu?"



"Ine ndinkaimba foni Lamulungu lililonse," anatero Dinah. "Ankandiuza kuti ali bwino, akulimbana ndi mbuzi za aneba."

"Foniyo ndinkawagwirira ndine kukhutu. Anandiletsa kukuuzani. Anati muli ndi khanda, muli ndi ntchito, musamathamange mumsewu chifukwa cha dzanja limodzi."

"Inu munali ndi pakamwa panu!"

"Ndinalinso ndi mwamuna amene anandipempha."

"Mwandilanda miyezi isanu. Ndikanabwera. Ndikanawatengera ku Lusaka. Zimenezo sindidzakukhululukirani."

"Sindinapemphe kuti mundikhululukire."

Kunja minibasi ya ku Chipata inadutsa ikuliza hutala.

"Nanga munthu wodwala munamusiyiranji kugwira ntchito ngati iyi?" anafunsa a Jairos, ukali utachepako.

Dorcas anayang'ana Dinah. "Pa Khirisimasi munati bafa lino lachita nkhungu, mwana wanu sangasambiremo. Munamusambitsira m'beseni panja. Inu munanena mukuseka. Iwo sanaseke. Atamva kuti mubweranso mu Disembala, anagula sandipepa. Penti sagwira pa matabwa oterera ngati awa, mpaka uwakwechese kaye. Masabata atatu ankakwecha ndi dzanja lamanzere, thabwa limodzi patsiku. Anatsuka ndi sopo, anapaka woyera wapansi, nadikira kuti aume. Wobiriwirayu anangopaka thabwa limodzi. M'mawa mwake ndi pamene ndinamva kugwa."

Analoza kuseri kwa chitseko. "Lawolo sindinalikhudze."

Dinah anakankha chitseko pang'onopang'ono. Thabwalo linali lopakidwa moipa. Mizere ya bulashi inkapita uku ndi uku, penti anayenderera n'kuuma ngati misozi, ndipo m'munsi, momwe munthu amafunika kuwerama, munatsala moyera.

A Jairos anatsokomola. "Nkhani ya nyumba ikali pomwepo. Tidzakamba Lamulungu." Anatuluka kubwerera kwa alendo awo.

Dinah anali akuyang'ana pamwamba pa thabwalo, pomwe tepi ya pepala inamatidwa kuteteza denga. Pa tepipo panali zolemba za bolopeni yofiira, zilembo zopendama ngati za mwana wa giredi wani. Koma mawuwo anawadziwa. Atate ake anaphunzitsa masamu ku Sinda zaka makumi atatu, ndipo iye yemwe anawapeza kambirimbiri mawu omwewo m'makope ake: "4/10. Ukhoza kuchita bwino koposa apa. Bwereza."

Dinah anaika bulashi ija pakamwa pa chitini, nanyanyamphira, n'kuyamba kumatula tepiyo ndi chikhadabo, pang'onopang'ono kuti isang'ambike.

"Mukaichotsa msanga penti asanaume, denga lidetsedwa," anatero Dorcas.

"Apa pouma kale," anayankha Dinah osamuyang'ana.

Tepi itachoka, anaimata mkati mwa dzanja lake lamanja, nalifumbata. Ndi lamanzere anatola bulashi, nagwada kuseri kwa chitseko, nayamba kudzaza poyera paja m'munsi, osafika pa mizere yokhotakhota ya pamwamba.