Misomali ya M'mitengo ya Kumanda

Kuyambira ku Furancungo mpaka ku Ntengo-Wambalame, munthu amene adagulitsapo mpweya nadzaugulanso ndi mmodzi yekha: Jordão Kamtedza wa ku Chidzolomondo. Anzake amagulitsa fodya, mbatatesi, mbuzi. Iye, mwamuna amene adasenza matumba padoko la Beira, nasoka nsapato ku Joni, mpaka kudzigulira lole yoyera mbee, adagulitsa chinthu chosaoneka ndi maso!

Kutsidya kwa nyanja kuli kampani yaikulu yopanga mankhwala ndi zida za m'zipatala. Mafakitale ake safuka pang'ono, ndipo idalonjeza pamaso pa dziko kuti pofika 2030 utsi wake udzatsika ndi theka. Wotsalawo idafuna kuti mitengo ya kwina iziumeza. Motero idatuma mayi wina wa ku Tete, dzina lake Elsa, kudzafuna nkhalango yoti isadulidwe zaka makumi atatu, mwini wake azilipidwa.

"Dona Elsa, mwafikira mwini nkhani!" adatero Jordão. "Kuno mitengo idathera m'zigafa za fodya. Koma ine ndikudziwa msitu umene sudalawepo nkhwangwa."

Sadaname. Adangobisa kuti msituwo ndi manda a mtundu wa amayi ake. Tsiku la msika, mudzi uli zii, adalowamo ndi antchito a Elsa nakhoma kachitsulo ka nambala ndi msomali pa mtengo uliwonse, mitengo 312, pa Chipwitikizi trezentos e doze. Kontiratu idati m'menemo musagwe nthambi, musakumbidwe dzenje, ndipo chikole ndi lole ija.

Chaka chachitatu mvula idakana. Disembala adafika pakati thambo lili mbuu, mbewu zitapsera m'nthaka. Amayi ake, a Celestina, adayamba kubanika. Ku chipatala cha Furancungo adawapatsa kampope kothandiza kupuma, ndipo pa kabokosi kake Jordão adaona katsamba kobiriwira, chizindikiro cha kampani ija, komwe kadalinso pa kontiratu. Patatha sabata adawabweza kunyumba.

"Jordão," adanong'ona mayiwo ali pamphasa, "atate ako tidawasiya ku Dedza nthawi ya nkhondo, m'dothi la eni. Ine ndidabwerera kuti ndidzagone pafupi ndi amayi anga, patsinde pa mlombwa uja. Wamva?"

"Amayi, mudzagona ngati mfumukazi! Bokosi ndikagula ku Tete, la zogwirira zonyezimira."

"Sindikunena bokosi ine."

Adapita kwa a Cipriano, mkulu wa adzukulu okumba manda. Adawapeza akunola khasu pakhonde.

"Abwana a mpweya! Mwadzagula wanga womwe?"

"Amayi sali bwino, a Cipriano."

"Tamva. Koma ife sitikumba m'munda wa eni. Ogona aja mudawapatsa manambala ngati ng'ombe za kudibi. Kachitsulo kakatsala kamodzi kokha, khasu ili sililowamo."

"Ndipereka mbuzi zitatu."

"Misomali, mwana wa Celestina. Mudakongola kwa ogona, osati kwa ine. Yonse ibwere pa lichero ili tiwerenge."

Jordão adaimbira Elsa foni.

"Senhor Jordão, mitengoyo idalowa kale m'lipoti la kampani," adatero Elsa. "Mukazula zitsulozo mwaswa kontiratu. Lole ipita."

"Ndidayamba ndi thumba pamutu ine, Dona. Tumizani munthu adzaitenge."

Adadula foni, nabwerera kwa a Cipriano.

A Cipriano adamulola kulowa, wopanda nsapato, ali yekha. M'msitumo mudali mozizira ngakhale kunja dzuwa limang'amba nthaka. Mbalame sidalire ngakhale imodzi. Makungwa adali atayamba kumeza misomali, kotero uliwonse umatuluka ndi kulira kwake, ndipo milombwa imakha utomoni wofiira ngati magazi. Tsiku lachiwiri masana adamva injini ya lole yake ikulira kumudzi, kenako ikuzirala kulowera ku Furancungo. Sadacheuke.

Patsiku lachitatu adakhuthula thumba pa lichero m'mphepete mwa manda. A Cipriano adawerenga mosapupuluma, adzukulu ena atatsamira makasu awo.

"Trezentos e onze. Watsala umodzi."

"Mwalakwitsa! Werenganinso!"

Adawerenganso. Yomweyo.

Apo mlongo wake Ivone adatulukira panjira akuthamanga, naima patali. "Achimwene, fulumirani! Mpweya wa amayi ukubwera motalikirana!"

Jordão adayang'ana kumudzi, nayang'ana lichero. Akapita tsopano, amayi adzagona kunja kwa msitu. Pomwepo adakumbuka: msomali woyamba adaukhoma ndi dzanja lake, pamwamba, akumwetulira kuti Elsa ajambule chithunzi chotumiza kwa mabwana. Mtengo wake udali mlombwa wa pamanda a agogo ake.

Adathamangirako. Kachitsulo kadali katagwa kale, khungwa litatsekeratu bala. Adafufuza ndi zala mpaka adapeza chotupa, nayamba kusema ndi mpeni. Utomoni udatsika m'manja mpaka m'zigongono. Ali mkati mosema, maliro adabuka kumudzi, mawu a Ivone pamwamba pa onse. Mpeni sudaime.

Adatuluka malaya ali psuu, naponya msomali wopindika pa lichero. Udalira kuti ngwee.

A Cipriano adalavulira m'manja, nadzutsa khasu lawo.

"Trezentos e doze," adatero. "Yakwana."