A Lieven Afuna Kusamutsa Khomo

Mayi Goedele ankasita zovala pamene wailesi inalengeza kuti boma la Belgium latseka masitolo onse osagulitsa chakudya kapena mankhwala chifukwa cha mliri wa korona. Amuna awo, a Lieven, anatulukira kuchokera m'sitolo yawo ya maluwa atafiira maso.

"Mwamva? Atitsekera! Koma tsidya la msewu, ku Holland, akugulitsa ngati kulibe matenda. Kachilomboka kamayendera pasipoti kodi? Maluwa onse ndagulira Pasaka aja afote basi?"

"Tipemphere kaye, bambo."

"Pempherani inuyo. Ine ndikukatenga hamala."

M'tauni yathu malire a mayiko awiriwa amadutsa m'misewu ndi m'nyumba momwe, ndipo nyumba imakhala ya dziko limene kuli khomo lake lakumaso. Khomo la a Lieven linali ku Belgium, koma khoma lam'mbali linali ku Holland. Iwo anaganiza zoboola khomo latsopano kuti sitolo isanduke ya ku Holland.

Njerwa zitayamba kugwa, anafika Mayi Truus, namwino wokhala tsidya la Holland. Anaika buledi wotentha pawindo, n'kuima patali.

"Aneba, khomali lakulakwirani chiyani?"

"Ndikusamukira kwanu, kumene boma lili ndi mutu."

"Mutu wake uti? Masitolo ndi otsegula, inde, koma kuchipatala kwathu mabedi atha, odwala ena tikuwatumiza kutali. Mayi anga ali kunyumba yosungira okalamba, ndimangowaonera pagalasi. Boma likatseka kwambiri, malonda amafota. Likatseka pang'ono, matenda amathamanga. Palibe dziko lapeza njira yopanda misozi. Imbani foni kukhonsolo, mufunse zimene zikuloledwa."

"Zikomo a nduna ya zaumoyo! Pitani mukabaye anthu anu jakisoni, ine mundisiye."

Mayi Truus anangotembenuka n'kumapita.

Amene anaimba foni ndi Mayi Goedele, uku hamala ikulira. Wa kukhonsolo anawauza kuti kuboola khomo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo sikusintha lamulo lomwe nyumbayo ikutsata lero. Anati kasitomala asalowe m'sitolo, koma kutenga maoda pafoni n'kukasiya katundu pakhomo pa wogula n'kololedwa. Anafotokozanso kumene angakaperekere dandaulo lawo.

"Ndiye ndagumula khoma pachabe?" anatero a Lieven.

"Ndi fumbi lonseli pa zovala zanga," anayankha akazi awo.

A Lieven anatseka bowolo ndi thabwa, n'kupopa matayala a njinga yoti azikaperekera maluwa. Mawa lake foni inayamba kulira. Oimba ambiri anali anamwino ofuna kutumiza maluwa kwa makolo awo, ndipo onse ankati nambala awapatsa ndi Truus. Pofika Pasaka, m'zidebe munatsala madzi okhaokha.

Lamulo la pa nthawi ya mliri limawawa, ndipo la dziko lina limaoneka lokoma ukaliyang'anira patali. Tsatirani la kumene mukukhala, funsani zimene likulola, ndipo ngati likukupwetekani, kadandauleni kwa oyenera m'malo molizemba.

Lamlungu a Lieven anaona Mayi Truus akubwera kuchokera kuntchito, akukoka miyendo. Sakanatha kuwayandikira chifukwa cha mliriwo, choncho anafuula msewu wonse ukumva:

"Mayi Truus! Ndinakunyozani inu mukundithandiza. Ndinalakwa, aneba. Mundikhululukire!"